Kaundula wa ku Namwera

Tinkasamutsa ofesi, denga litayamba kudontha,
ndipo kuseri kwa kabati, m'katoni ya sopo,
ndinapeza kaundula wa malipiro wa 1984.
Chiswe chinali chitadya Januwale yense
koma Meyi, mwezi wosankha fodya, chinamusiya.

Mzere wachisanu: Ajilu Mbwana, womanga mabelo.
Mzere wachisanu ndi chimodzi ulibe dzina.
Pangolembedwa kuti "mkazi wake",
pambali pake chidindo cha chala chachikulu
chokhala ndi chipsera pakati
pomwe chikwakwa chinadutsa.
Chala chimenecho ndikuchidziwa.
Chinkandipukuta mamina.

Amayi ankawerenga tsamba la fodya ngati kalata,
ili lakhwima, ili lapsa, ili lagwira nkhungu,
kuchokera pa swala ya m'bandakucha
mpaka nkhuku zitalowa m'khola.
Bambo ankamanga zimene amayi asankha.
Kaundula akuti: bambo, matambala makumi asanu ndi awiri patsiku.
Mkazi wake, makumi anayi.
Zonse mu envulopu imodzi,
ndipo envulopuyo inkadziwa thumba limodzi lokha.

Kapitawo ankati nthambi siilandira mtengo wa thunthu.
Palibe anamufunsa
kuti masambawo amamera pati.

Lero malipiro a esiteti yonse amadutsa m'manja mwanga.
Inki yapachala inatha,
ndalama zimalira pa foni ngati mbalame.
Lamulo tinalipachika pakhoma, pafupi ndi kalendala ya feteleza:
ntchito yofanana, malipiro ofanana.
Ndimalipukuta fumbi Lachisanu lililonse.

Koma Twaibu,
amene ndinamuphunzitsa kutseka mabuku a mwezi,
amene amandiitanabe ziwerengero zikamukana,
iye ndi "ofisala".
Ine ndine "wothandiza ofisala".
Iye ali ndi alawansi ya njinga yamoto,
alawansi ya nyumba, poti ali ndi banja.
Ana anga atatuwa kaya ndi chiyani.
Chaka chimene ankakweza anthu ndinali m'chikuta,
ndipo mpando sudikira woyamwitsa, anatero abwana,
akumwetulira, akundifunsa za khanda.

Mpata uja sunafe.
Unangosamba, n'kuvala tayi.

Ntchito yanga ndi kuwerengera, ndiye ndinawerengera.
Pa kwacha iliyonse ya bambo
amayi ankalandira matambala makumi asanu ndi asanu ndi awiri.
Pa kwacha ya Twaibu
ine ndimalandira makumi asanu ndi atatu, n'kanyenyeswa.
Tambala lero sagula ngakhale kamtengo ka machesi,
koma aunjike mwezi ndi mwezi,
ndi fizi ya Saujiya, ndi malata asanu ndi atatu,
ndi penshoni imene idzandipeze nditakalamba
ili yowonda kuposa ine.
Zaka makumi anayi kuti tifike apa.
Tikayenda mwa nkhono chonchi
Saujiya adzafanana ndi mnzake wa pa desiki
ali ndi mwana wake kumbuyo.

Loweruka ndinakwera matola kupita ku Chiponde,
kaundula ali m'jumbo.
Amayi maso anayamba chifunga.
Anapapasa tsambalo,
n'kuika chala pa chala chawo chakale.
Chinakwana.
Anaseka kaye, akuti bambo ako ndalamazo
ankagulira mabatire a wailesi.
Kenako anakhala chete nthawi yaitali.
Mbuzi inadutsa pabwalo.
"Nanga dzina langa alilemba pati?"

Ndinatulutsa cholembera.
Pamwamba pa "mkazi wake" ndinalemba
Asiyatu Chilimba, wosankha fodya,
mwa zilembo zazikulu, mpaka pepala linaboola.

Lolemba ndili ndi nthawi ndi abwana, naini koloko.
Ndanyamula mapepala awiri,
la 1984 ndi la mwezi watha.
M'mimba mukuwira, sindinama.
Twaibu wati adzalowa nane.
Tiona ngati adzafike.